Mizere Itatu Yokhota pa Mutu wa Shantel

Ilford, London
25 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali a Effie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Biswick ndi Alinane. Kuno tadzuka, kuzizira kokhaku ndiye sikukutipatsa mpata. Ndalemba papepala n'kujambula ndi foni chifukwa ndikakuimbirani mumandidula ndisanafike n'pakati pomwe.

Nkhani ya Shantel ili motere. Opareshoni ija inayenda bwino, koma madokotala sanachotse chotupa chonse. Kachidutswa kena kanakanirira pafupi ndi mitsempha ya maso, ndipo akuti kakapitiriza kukula mwana akhoza kusiya kuona. Panopa mbali ya kumanzere saonako kale. Ukamuimira kumanzereko, amadzidzimuka ukayankhula. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, achemwali. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Koma chiyembekezo chilipo. Amutumiza ku chipatala chimene chili ndi makina a mapulotoni. Cheza cha makina wamba chimalowa m'mutu n'kukatulukira mbali ina, chikuwotcha zonse za m'njira. Cha mapulotoni chimayenda mtunda umene achiyezera, n'kuima pomwepo. Akayeza bwino, chimaima pa chotupa, mitsempha ya maso osaivulaza.

Mawu akuti "akayeza bwino" ndi amene akundisowetsa mtendere. Ntchito yanga ku kampani ya sitima mukuidziwa: amandilipira kuti ndizikhala pansi n'kumaganiza zonse zimene zingalakwike, zisanalakwike. Ndiye mutu wangawu wayamba kale pa makina amenewa. Magetsi atazima pakati? Kompyuta itasokoneza mayina? Munthu atatsegula chitseko cheza chikuyenda? Mlamu wanu Loice akuti ndikapitiriza andisamutsira pa veranda.

Pempho langa nali. Chithandizochi n'cha tsiku lililonse, kupatula Loweruka ndi Lamlungu, kwa mwezi ndi theka. Loice amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Croydon, ine ku ofesi sangandimasule masiku onsewo. Bwerani mudzatigwire mkono. Za visa ndi tikiti zisiyeni kwa ine.

Ndine mlongo wanu,
Goodwell

Luchenza
3 Malichi 2024

Iwe Goodwell,

Tonse tili bwino, kupatula alamu akowa amene ayamba kudwala chimfine atangomva kuti ndichoka. Aziona, aphunzire kuyatsa mbaula.

Kalata yako ndawerenga, ndalira, kenako ndakwiya. Iwe, mwana akudwala, bambo wake n'kumakhala pansi kuwerenga malodza? Magetsi atazima, chitseko chitatseguka, zotani zimenezo! Pakamwa pamalosa, Goodwell. Unayamba kalekale khalidwe limeneli. Pa ukwati wanga unali kamwana, koma unazungulira tenti yonse kuuza alendo kuti mphepo ikabwera igwera mbali ya akuchimuna. Sindikudziwa kuti azunguwo anaganiza bwanji kuti azikulipira pa chinthu chimene ife tinkakukwapulira.

Ndibwera, usachite kufunsa kawiri. Shantel ndi magazi anga. Saluni ndimusiyira Alinane, manja ake akhwima tsopano, ngakhale amakoka tsitsi ngati akuzula chinangwa. Makasitomala alira, koma sadzafa.

Undiuze zimene mwana amakonda kudya. Undiuzenso ngati Chichewa chikumveka m'kamwa mwake, chifukwa tsiku lija pa foni ndinamufunsa kuti wadzuka bwanji, iye n'kuti "I'm fine, azakhali." Ndimva ine zimenezo mwezi ndi theka?

Alamu ako akuti ukapeza jekete yachikopa yoti yakuchepa usaitaye. Ine ndawauza kuti munthu wochepa ngati iwe jekete yako ingawakwane mkono umodzi.

Limba mtima, mwana wa mayi anga. Maso a mwanayo Mulungu awasunga. Upereke moni kwa mlamu.

Ndine mlongo wako,
Effie

Ilford
3 Epulo 2024

Okondedwa achemwali,

Ndasangalala kuti visa yatuluka. Ndidzakuchingamirani ndekha ku bwalo la ndege, mudzandizindikira ndi dazi.

Dzulo Shantel amupangira chigoba. Ndi pulasitiki wa timabowo amene amamufewetsa ndi madzi ofunda n'kumuphimba nkhope ndi mutu. Akauma amasunga maonekedwe a mutu wake ndendende. Tsiku lililonse azidzavala chimenechi, n'kuchimangirira ku bedi kuti mutu usasunthe. Atatha anamujambula m'kati mwa mutu ali m'chigobamo, ndipo pa zithunzizo ndi pamene ayezere pomwe cheza chikaime.

Loice anali ku ntchito, ndiye tsitsi ndinamuluka ndine. Musaseke! Ndinaonera pa foni mmene amachitira, ndinatulutsa mizere itatu. Yapakati inakhotera kumanja pang'ono, koma inagwira.

Pamene ankaumba chigobacho ine ndinali pakhonde ndi mayi wina wasayansi amene amayang'anira chitetezo cha makinawo. Ndinapita ndi mafunso anga onse, ndikuganiza kuti andithamangitsa. M'malo mwake anandikokera mpando. Achemwali, ndinapeza mnzanga! Anthu amenewa amasanthula ngozi m'njira zomwe timachitira ife ku sitima. Choyamba amatenga kachipangizo kalikonse n'kufunsa kuti kameneka katafa, chingatsatire n'chiyani. Chachiwiri amayambira ku mapeto: amati tiyerekeze cheza chapitirira muyeso, n'kubwerera m'mbuyo kufufuza njira zonse zimene zingafikitse pamenepo, n'kuzitseka. N'chifukwa chake zoyezera cheza zilipo ziwiri, china chikanama chinzake chimazimitsa makina. Chitseko chikangotseguka, cheza chimaduka. Asanayambe tsiku lililonse amajambula kaye mutu kuti aone ngati wagona mmene unagonera tsiku loyamba.

Njira yachitatu ndi imene inandigwira mtima. Mayiyo akuti ngozi zambiri zimachitika popanda chimene chathyoka, aliyense akuchita ntchito yake mokhulupirika. Ndiye amafunsa kuti ndani amalamula ndani, ndipo wolamulidwayo akaona cholakwika ali ndi njira yoyankhira? Kumeneko ngakhale wantchito wongoyamba kumene akati "imani," zonse zimaima, dokotala wamkulu naye amadikira.

Inu mumati ndi malodza. Ine ndikuti chakudza sichiimba ng'oma, ndiye pafunika wina azikhala tcheru. Dzulo ndagona tulo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku opareshoni.

Ayamba Lolemba pa 15. Mubwere ndi majuzi, Epulo wa kuno ndi wabodza.

Mlongo wanu,
Goodwell

Ilford
Lamlungu, 14 Epulo 2024

Bambo a Alinane,

Ndafika bwino, ndipo ndikhulupirira simunawotche nyumba. Chimfine chija chatha, kapena chikudikira ndibwere?

Kuno nyumba n'zosanjikana, mawindo osatsegula, aneba osapatsana moni. Sitima imadutsa pansi pa nthaka. Goodwell wandionetsa mabatani onse oimitsira sitimayo pa ngozi, ngati kuti ndabwera kudzayendetsa ndine.

Mwana ali bwino kuposa mmene ndinkaopera. Wakula, n'wamtali kuposa bambo wake, waulemu kwambiri. Chichewa amamva chonse, kuyankha ndiye amasakaniza. Koma bambo a Alinane, mutu wake! Nditauona ndinagwira pakamwa. Mizere itatu yonenepa, yokhota ngati mizere ya m'munda wolima munthu woledzera. Ndipo Goodwell akunyada, akuti mwana amachita kumupempha kuti ikamasuka amulukenso chimodzimodzi. Ine ndinangoti mwanayu ali ndi chisoni ndi bambo wake basi.

Mawa ndi tsiku loyamba ku chipatala. Ine ndingalole mwana wa m'banja mwathu akaonekere kwa madokotala ali chonchija? Adzati alibe abale! Wodwala timamusambitsa, timamudzoza, timamupesa, kuti matenda omwe achite manyazi. Mwamwayi ndinanyamula meshi wabwino uja. Lero titabwerako ku tchalitchi, mlamu atapita ku ntchito, ndinamukhazika pansi.

Poyamba anati, "Azakhali, maybe tisa..." Ine ndinati, "Tisachite chiyani? Ndawoloka nyanja ndi mapiri kuti ndidzangokuyang'ana?" Basi anati, "Chabwino, azakhali." Mwana woleredwa bwino.

Ndaluka mpaka dzuwa kulowa, zala zachita dzanzi. Koma zimene zatuluka! Zingwe zazitali zofika m'chiuno, pamwamba ndazizunguliza ngati nkhata. Atadziyang'ana pagalasi misozi inalengeza. Ndinadziwa kuti wakondwa. Goodwell anangoti "zabwino" maso ali pa kompyuta, akuwerenga za maginito a makina aja. Nsanje.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mutipempherere mawa.

Ndine mkazi wanu,
Effie

Luchenza
16 Epulo 2024

Mayi a Alinane,

Moni wa chikondi. Kuno kulibe chovuta, kupatula kuti poto wamkulu uja wapserera pansi, koma musadandaule, ndamunyika.

Nanga bwanji zii? Dzulo tsiku lonse foni inali m'manja, ndikudikira uthenga wa ku chipatala. Ndaimba kangapo, osayankha. Alamu a Goodwell nawonso osayankha. Alinane sanadye. Abusa afunsa, amayi a chigwirizano afunsa, ine ndikungoti zili bwino pamene sindikudziwa kanthu. Inu simukhala chete tsiku lathunthu, chikwatiraneni sizinachitikepo. Chachitika n'chiyani kwa mwana? Ngati ndi zovuta, nenani, ndine munthu wamkulu.

Za jekete musavutike nazo panopa.

Mwamuna wanu,
Biswick

Ilford
17 Epulo 2024

Bambo a Alinane,

Mtima pansi, mwana ali bwino ndipo chithandizo chayamba. Chimene chinanditseka pakamwa ndi manyazi. Khalani pansi ndikuuzeni.

Lolemba tinafika m'mawa, ine, Goodwell ndi Shantel. Anatilandira mtsikana wina woyendetsa makinawo, dzina lake Shamiso. Ndi wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu, ndiye amayankhula Chichewa chachikale chokoma. Atangoona mutu wa Shantel, kumwetulira kunatha. Anati, "Tsitsili lalukidwa liti?" Ine ndinadzigunda pachifuwa, ndinati, "Dzulo, ndi manja awa."

Anatenga chigoba chija n'kumuyesa. Sichinatseke. Chinangokhala pamwamba pa nkhata yanga ngati chivundikiro cha poto wina. Shamiso anati, "Pepani amayi, ndaimitsa. Sitingayambe." Anandifotokozera mofatsa kuti chigobacho anachiumba pa mizere itatu ya Goodwell ija, ndipo muyeso wonse wa cheza unatengedwa mutu uli choncho. Mutu ukakwera kapena kupendekeka ngakhale pang'ono, cheza chikhoza kukaima pamene sichiyenera, ndipo pafupi pomwepo ndi pa mitsempha ya maso. Anati tsitsi likapanda kubwerera mmene linalili, aumba chigoba china n'kuyambiranso kuyeza, zomwe zingatenge masabata, chotupa chikudikira.

Ine, kubwera ulendo wonsewu kudzaika maso a mwana pa chiswe!

Shamiso anatembenukira kwa Shantel, anati, "Paja ndinakuuza tsiku lija kuti tsitsi lisasinthe?" Mwana anagwedeza mutu akulira. Zoona anamuuza, koma nthawi imeneyo bambo wake anali pakhonde kufunsa za zitseko. N'chifukwa chake ankapempha kuti amulukenso chimodzimodzi. Goodwell anamufunsa kuti nanga osanena bwanji dzulo. Yankho lake silidzandichoka m'makutu. Anati, "Adadi, mumati mwana sakaniza akuluakulu. Azakhali abwera from far." Ndiye misozi ya pagalasi ija sinali ya chimwemwe.

Shamiso anatipatsa mpata womaliza wa madzulo ndi kachipinda. Ndinamasula ntchito ya tsiku lathunthu ngati ndikuthamangitsidwa ndi njuchi, meshi wanga wodula ali mbwee pansi. Kenako anandipatsa chithunzi cha tsiku la chigoba kuti nditsanzire. Ndinayesa, bambo a Alinane, ndinayesetsa. Koma manja awa aluka zaka zambiri, sadziwa kukhotetsa. Mizere inatuluka yowongoka, yosalala, yokongola. Shamiso anayesa chigoba, chinagwedera kumbuyo. Anapukusa mutu, anati, "Yakongola kwambiri. Tikufuna ija."

Ndiye mukudziwa chimene chinachitika? Goodwell, munthu wadazi, anavula jekete, anapinda malaya, n'kukhala pampando wanga. Ine Effie, mwini saluni ya pa Luchenza, ndinaima pambali kumugwirira chipeso! Akuluka lilime lili kunja, mzere wapakati ukupita kumanja ngati ukuthawa ngongole, ine mtima ukundipweteka. Shantel anayamba kuseka, Shamiso naye, mpaka ine ndinaseka misozi ili m'masaya.

Chigoba chinatseka, kuti thapu. Anamujambula, zithunzi zinagwirizana ndi za tsiku loyamba. Tonse tinatuluka, chitseko chinatsekedwa, mwana analandira cheza chake. Potuluka anati sanamve kalikonse, koma ali ndi njala.

Nkhani imeneyi isafike ku saluni. Mukauza Alinane, poto wopsererayo mudzadyera momwemo mpaka Khirisimasi.

Mkazi wanu,
Effie

Ilford
12 Meyi 2024

Okondedwa alamu,

Moni kuchokera kwa tonse. Jekete ndapeza, ya mnzanga wa ku ntchito, munthu wa thupi ngati lanu. Ibwera ndi achemwali.

Tadutsa theka. Shantel amatopa msanga ndipo tsitsi lathothoka malo awiri pamene cheza chimalowera, koma a chipatala akuti ankayembekezera zimenezo ndipo akumuyeza sabata iliyonse. Kudya ndiye akudya, azakhali ake salola mbale kubwerera.

Nkhani ya meshi ndikudziwa munaimva. Achemwali akudziimba mlandu, koma ine ndawauza kuti pa ntchito yathu sitifunsa kuti walakwa ndani, timafunsa kuti mpata unali pati. Tsiku limenelo palibe chimene chinathyoka. Shamiso anapereka malangizo, azakhali anasamalira wodwala mwa mwambo wathu, mwana anasunga ulemu umene ndinamuphunzitsa ine. Aliyense anachita bwino, koma tinatsala pang'ono kugwa m'dzenje. Ndinasanthula makina a eni ake mpaka maginito, osaona kuti m'nyumba mwanga malamulo amangotsika, palibe njira yoti mawu akwere.

Ndiye takhazikitsa lamulo. Pa nkhani ya thupi lake, Shantel akati "imani," tonse timaima, kaya ndi ine, kaya mayi ake, kaya azakhali. Achemwali ndi amene akumuphunzitsa, amamuuza kuti, "Tandikaniza ndimve." Tsiku loyamba mawu sankatuluka. Pano wazolowera mpaka wakana therere, ndipo achemwali akuti lamulo lija silinafike ku ndiwo.

Mayi wasayansi uja nditamufotokozera anaseka, kenako analemba. Akuti aziuzanso aliyense wosamalira wodwala kunyumba, osati wodwala yekha.

Chomaliza, alamu, ndakhala mphunzitsi. Achemwali aphunzira kuluka mokhota, ndipo Shamiso wavomereza ntchito yawo. Amaluka akung'ung'udza, koma mzere wapakati umapita kumanja bwinobwino.

Mlamu wanu,
Goodwell

Ilford
20 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira saluni ikuyenda ndipo alamu akuvala jekete ija ngakhale kukutentha. Loice akupereka moni. Nyumba inakhala zii chichokereni inu, mpaka aneba a pansi anafunsa ngati tinasamuka.

Lachisanu tinapita kukamva zotsatira. Chotupa chafota. Dokotala wa maso anamuyeza nthawi yaitali, akuyatsa timagetsi uku ndi uku, kenako anati zinthu zikuoneka bwino kuposa mmene ankayembekezera. Ine mukundidziwa, ndinayamba kufunsa kuti makina oyezerawo anawayesa liti. Loice anandiponda phazi.

Pobwerera Loice anapita ku ntchito, ine ndi Shantel tinatsikira ku siteshoni kudikira sitima ya ku Ilford. Pali chinthu chimene simunachione muli kuno. Miyezi yonseyi, mtima ukandilemera tili awiri, ndinkaima kumanzere kwake. Kumeneko ndinkatha kulira bwinobwino, bola osafwenthera, iye osadziwa kanthu. Lachisanu nditaganiza mawu a dokotala aja, misozi ya chimwemwe inayamba kulengeza, ndiye ndinasunthira ku malo anga a masiku onse.

Shantel anali akuyang'ana kutsogolo, ku chikwangwani cha nthawi ya sitima. Sanatembenuze mutu ngakhale pang'ono. Anangotulutsa kansalu m'thumba n'kutambasula dzanja la kumanzere, molunjika pa nkhope yanga.

Anati, m'Chichewa chosasakaniza, "Adadi, ndikukuonani."

Sitima inabwera, inatsegula zitseko, inapita. Ife tinakwera yotsatira.

Ndine mlongo wanu,
Goodwell